Alias wanu samveka ku seva: nkhani kwa osamalira makompyuta ku Chongwe

 Nkhani imene ndabwera nayo lero ndi yaing'ono poiona, koma yasowetsapo tulo anthu odziwa ntchito yawo. Munthu walowa mu seva kudzera pa SSH, walemba ll, mafayilo onse andandalikidwa pa sikirini. Watuluka. Patapita kanthawi akufuna kuonanso mafayilo omwewo, koma ulendo uno alibe nthawi yolowa, ndiye akungotumiza lamulolo ali panja:

ssh seva ll /var/log

Yankho limene likubwera ndi ili:

bash: line 1: ll: command not found

Seva ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo, kiyi yolowera ndi yomweyo. Ena akaona zimenezi amayamba kukayikira netiweki, ena amazimitsa laputopu n'kuyatsanso. Palibe chaonongeka. Makinawo akuchita ndendende zimene anawapangira. Ndipo mukamvetsa chifukwa chake, mumvetsanso zina zimene zimavuta pa Linux: ntchito ya cron yokanika usiku pamene masana inayenda bwinobwino, sudo wokana lamulo limene inu mukulidziwa, bakapu yofika pa laputopu koma yosatseguka.

Nkhaniyi ikutikhudza ife kuno kuposa mmene tingaganizire. Kuchokera kuno ku Chongwe kukafika ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East. Si kutali, koma palibe amene angakwere minibasi kupita m'tauni kuti akangoona ngati disiki ya seva yadzaza. Ndiponso ma seva ambiri amene timabwereka masiku ano sali n'komwe ku Lusaka. Ena ali ku Johannesburg, ena ku Frankfurt kapena ku London, m'nyumba zimene sitidzapondamo. Kaya ndinu mphunzitsi wochokera ku Chalimbana amene mukufuna kuika Moodle kuti ophunzira akutali azilandirirapo ntchito, kaya ndinu wa zaumoyo amene mwazolowera DHIS2, pulogalamu ya ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsiramo ziwerengero, kuseri kwake kuli kompyuta imene wina ayenera kulankhula nayo ali patali.

Ndipo timalankhula nayo movutikira. Mukukumbukira chaka cha 2024, pamene Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza mu February kuti chilala chafika pokhala tsoka la dziko lonse, madzi n'kuchepa ku Kariba, malaiti n'kumazima maola ambirimbiri tsiku lililonse. Batire ya laputopu ili pang'ono kutha, intaneti ikuchokera pa foni, bandulo nayo ikutha. Zikatere munthu safuna kulowa mu seva n'kukhalamo. Amafuna kuponya lamulo limodzi, alandire yankho, atseke laputopu. Imeneyo ndi nzeru yabwino ndithu, ndipo ndi pomwepo pamene alias amamuthawa.

Tiyambe ndi alias mwiniwakeyo. Ndi dzina lalifupi limene mumapatsa lamulo lalitali kuti zala zisatope. Pa Ubuntu, ll si pulogalamu ayi. Mukaifufuza mu /usr/bin simuipeza. Ndi mzere umodzi umene anakulemberani kale mu fayilo ya .bashrc:

alias ll='ls -alF'

Bash ikaona liwu lakuti ll kumayambiriro kwa lamulo, imalichotsa n'kuikapo ls -alF, kenako n'kuyendetsa. Basi, palibenso china. Nzeru imeneyi inayambira mu C shell, imene Bill Joy analemba ku Berkeley chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Shell ya Stephen Bourne, imene inatuluka ndi Unix Version 7 mu 1979, inalibe alias, ndipo imeneyo ndi imene anthu ankalembera ma script. Bash ya GNU, imene Brian Fox anatulutsa mu 1989, inaphatikiza zonse ziwiri: chilankhulo cha Bourne cholembera ma script, ndi zopeputsira ntchito munthu wokhala pa kiyibodi. Koma pakati pa ziwirizi pali malire, ndipo malire amenewo ndi amene tikugundana nawo.

Aliyense wa ife ali ndi dzina la pakhomo, limene agogo kapena anzake a paubwana anamupatsa. Mukafika kumudzi, dzina limenelo n'lokwanira, aliyense akudziwa kuti akunena ndani. Koma mukapita kukatsegula akaunti ku banki, amafuna dzina limene lili pa chitupa cha NRC. Sikuti akukunyozani. Iwo sanali nawo pamene dzina linalo linkaperekedwa. Alias ndi dzina la pakhomo, ndipo df, ls, rm ndi mayina a pa NRC.

Tsopano SSH. Anailemba ndi Tatu Ylönen wa ku Helsinki University of Technology mu 1995, anthu ena atabera mapasiwedi pa netiweki ya yunivesiteyo. Mapulogalamu akale monga telnet ndi rsh ankatumiza zonse poyera, aliyense womvetsera pa waya ankatha kuwerenga. SSH inabisa zonsezo, koma inasunga chizolowezi cha rsh chotumiza lamulo limodzi popanda kulowa. OpenSSH, imene pafupifupi tonse tikugwiritsa ntchito, inachokera kwa anthu a OpenBSD mu 1999. Kumbali ya seva kuli pulogalamu yodikira alendo yotchedwa sshd, ndipo imakulandirani m'njira ziwiri zosiyana. Mukangolemba ssh seva, imakutsegulirani terminal n'kuyambitsa shell yoti mucheze nayo, inu kulemba iyo kuyankha. M'mabuku imeneyi amaitcha interactive. Ine ndiziitcha shell yocheza. Koma mukaonjezera lamulo kutsogolo, sshd sitsegula terminal. Imaitana shell yanu ndi -c, kuipatsa mawu anu aja, ntchito ikatha n'kutseka. Imeneyi ndiziitcha shell yotumidwa.

Musangondikhulupirira, yesani nokha. Mukalowa mu seva lembani echo $- ndipo muona zilembo ngati himBHs. Mutuluke, ndiye mulembe:

ssh seva 'echo $-'

Ulendo uno zibwera hBc. Chilembo cha i chasowa, ndipo kachilembo kameneko ndiye nkhani yonse. Muonetsetse kuti mwaika mawuwo pakati pa timikodo timodzitimodzi. Mukaika tiwiritiwiri, Bash ya pa laputopu yanu imasulira $- isanatumize, ndipo mudzaganiza kuti seva yakuyankhani pamene mwadziyankha nokha. Inu a Windows, amene muli ndi ssh m'kati mwa Windows 10 kuyambira 2018, dziwani kuti cmd siwerengera timikodo timodzitimodzi. Kumeneko malamulo a timikodo ndi ena.

Mu shell yotumidwa, Bash simasulira alias. Ngakhale alias atakhala kuti walembedwa ndipo Bash yamuwerenga, imangomusunga osamugwiritsa ntchito, pokhapokha mutaiuza ndi shopt -s expand_aliases. Anachita zimenezi mwadala, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Script yolembedwa ndi munthu wa ku Ndola iyenera kuchita zomwezo ikafika pa seva yanu, mosatengera mayina amene inu munadzipangira. Zikanakhala kuti ma alias amalowerera paliponse, bwenzi palibe script yodalirika padziko lapansi.

Ambiri akamva zimenezi amathamanga kukalemba shopt -s expand_aliases kumapeto kwa .bashrc, n'kupeza kuti palibe chasintha. Apa ndipo pofunika kudekha, chifukwa funso lina n'lakuti: kodi Bash ikufika n'komwe pa mzere umenewo? Polowa mwachizolowezi, Bash imawerenga /etc/profile, kenako fayilo yoyamba imene yaipeza pakati pa .bash_profile, .bash_login ndi .profile. Pa Ubuntu, .profile ndi imene imaitana .bashrc. Shell yotumidwa siwerenga mafayilo a profile amenewa. Nthawi zambiri siwerenganso .bashrc, komano pali chapadera: Bash ikazindikira kuti yaitanidwa ndi sshd, imawerenga .bashrc. Kuti ichita zimenezi kapena ayi zimadalira mmene anaikonzera amene anakupatsani Linux yanuyo. Pa Debian ndi Ubuntu imawerenga. Ndiye bwanji alias sakupezeka? Tsegulani .bashrc ya Ubuntu, muyang'ane pamwamba penipeni, mizere yoyambirira:

case $- in
    *i*) ;;
      *) return;;
esac

Tanthauzo lake n'lakuti ngati chilembo cha i palibe, Bash ibwerere pomwepo, isawerenge zotsalazo. Ma alias onse ali pansi pa mizere imeneyi. Fayilo ya .bash_aliases, imene ambiri timasungamo athu, imaitanidwa chakumapeto kwenikweni. Choncho Bash imatsegula .bashrc, kuwerenga timizere tochepa, n'kutseka. Shopt wanu uja mwamuika pamalo pamene Bash sipafika. Pa ma seva akale mupeza mzere wina wofunsa ngati PS1 ilibe kanthu. Ntchito yake ndi yomweyo.

Pali malangizo ena amene amayenda kwambiri pakati pathu, akuti mulembe bash -lc kuti shell ikhale ngati mwalowa. Amathandiza pa zina, monga PATH, chifukwa .profile imawerengedwa. Koma pa alias sathandiza: chilembo cha i chikadalibe, .bashrc ibwererabe pamwamba paja, ndipo kumasulira kukadali kozimitsa.

Tiyerekeze kuti mwadzipangira alias wanu mu .bash_aliases woonera malo otsala pa disiki:

alias malo='df -h'

Mwamvetsa zonse zimene ndanenazi, ndiye mwaganiza zouza Bash chilichonse pa mzere umodzi:

ssh seva 'shopt -s expand_aliases; source ~/.bash_aliases; malo'

Kumasulira mwayatsa, fayilo mwaiwerengetsa, alias mwamuitana. Yankho likubwerabe lakuti malo sakupezeka. Apa anthu ambiri amasowa pogwira, chifukwa poyang'ana palibe cholakwika. Chimene chikuchitika n'chakuti Bash imamasulira alias pa nthawi imene ikuwerenga mzere, osati pa nthawi imene ikuyendetsa lamulo. Ndipo imawerenga mzere wonse mpaka kumapeto isanayendetse ngakhale lamulo loyamba. Pamene inkadutsa pa liwu lakuti malo, shopt anali asanayende, fayilo ija inali isanatsegulidwe, ndiye liwulo inalitenga ngati dzina la pulogalamu. Pofika poti alias wadziwika, mzere unali utawerengedwa kale. Mankhwala ake ndi kudula mzerewo:

ssh seva 'shopt -s expand_aliases
source ~/.bash_aliases
malo'

Mukatsegula kamkodo n'kudina Enter, Bash ya pa laputopu imadikira mpaka mutatseka kamkodoko, ndipo seva imalandira mizere itatu. Pofika pa wachitatu, iwiri yoyamba yayenda kale. Mukhozanso kusiya mzere umodzi koma kumapeto n'kulemba eval malo, chifukwa eval imauza Bash kuti iwerengenso mawuwo tsopano. Zonse ziwiri zimagwira. Koma taonani kutalika kwake. Alias tinamupanga kuti tilembe zilembo zinayi m'malo mwa zisanu, ndipo tsopano tikulemba mizere itatu.

Njira imene ambiri amaikonda ndi yokakamiza shell kuti ikhale yocheza:

ssh -t seva "bash -ic 'malo /var'"

Chilembo cha i chimapangitsa Bash kuwerenga .bashrc yonse ndi kumasulira ma alias. Cha t chimauza sshd kuti itsegule terminal. Mukachisiya, lamulo liyenda ndithu koma Bash idandaula kaye kuti ilibe terminal yolamulirapo ntchito. Ngati cholinga chanu ndi kungoona ndi maso zimene zili pa seva, njira imeneyi ilibe vuto, igwiritseni ntchito. Vuto limayamba pamene zotuluka kumeneko mukuzilowetsa mu fayilo. Tinene kuti muli ndi alias wotchedwa bakapu, amene amatenga database ya sukulu ndi pg_dump n'kuipanikiza ndi gzip, ndiye mwalemba:

ssh -t seva "bash -ic bakapu" > sukulu.gz

Fayilo ifika, kukula kwake kuoneka koyenera, inu mutseka laputopu mtima uli m'malo. Koma terminal inapangidwira maso a munthu. Paliponse pamene yaona baiti ya nambala 10, imene imatanthauza mzere watsopano, imaika baiti ya nambala 13 patsogolo pake. Pa mawu owerenga zimenezi sizioneka. Mu fayilo yopanikizidwa, baiti ya 10 ndi nambala wamba pakati pa zinzake, ndipo ikaonjezeredwa ina, fayilo yonse yaonongeka. Kuonjezera apo, pa terminal madandaulo a pulogalamu amasakanikirana ndi zotuluka zenizeni, zonse n'kulowa mu fayilo yomweyo. Mudzazindikira tsiku limene seva yafa, mukufuna kubwezeretsa magiredi a ophunzira a chaka chonse, gzip n'kukana kutsegula. Chonde, pa bakapu musaike -t, ndipo bakapu iliyonse ikafika muziiyesa ndi gzip -t tsiku lomwelo.

Njira ina ndi kukweza shopt -s expand_aliases pamodzi ndi ma alias anu pamwamba pa mizere ya case ija. Pa Ubuntu ndi Debian zikatero, ssh seva malo iyenda popanda china chilichonse. N'zokoma, koma ndikufuna muone mtengo wake. Si inu nokha amene mumatumiza malamulo kudzera pa SSH m'dzina lanu. Rsync, git ndi sftp zonse zimadutsa pa shell yotumidwa yomweyo. Ngati munapanga alias wokhala ndi dzina la pulogalamu yeniyeni, monga rsync woonjezera zina, ndiye kuti rsync ya pa laputopu ikaitana inzake ya pa seva, idzayankhidwa ndi alias wanu, ndipo zikhoza kusokonekera m'njira yovuta kuilondola. Ndipo chilichonse chimene mwaika pamwamba apo chikhale chete. Mukaikapo echo wopereka moni, sftp idzakana ndi uthenga wakuti Received message too long, rsync nayo idzakufunsani ngati shell yanu ili yoyera, chifukwa moni wanuyo walowa pakati pa zokambirana za mapulogalamu awiri. Kuyambira OpenSSH 9.0 ya mu 2022, scp nayo imadutsa njira ya sftp, choncho idzagwa chimodzimodzi.

Pali alias mmodzi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa iyeyu ndi amene amaliritsa anthu. Pa ma seva a banja la Red Hat, monga Rocky Linux, AlmaLinux ndi CentOS, akaunti ya root imabwera ndi alias rm='rm -i', pamodzi ndi ena otere a cp ndi mv. Mukalemba rm, makina amakufunsani pa fayilo iliyonse ngati mukufunadi kuifufuta. Munthu akagwira ntchito pa seva yotere kwa chaka, dzanja limazolowera. Amalemba rm ndi kanyenyezi mosaopa, podziwa kuti afunsidwa, asankhapo zofufuta ndi zosiya. Ndinaonapo zimenezi pa ofesi ina. Mnyamata wakhama, wodziwa ntchito, analandira foni madzulo kuti disiki yadzaza. Anali kunyumba, ndiye anatumiza rm ya kanyenyezi pa foda ya mabakapu kudzera pa ssh, ali ndi maganizo oti ayankha inde pa akale okha. Funso silinabwere. Chimene chinabwera ndi mzere wopanda kanthu, ndipo foda yonse inali itapita. Alias amene ankamuteteza masiku onse sanamasuliridwe, chifukwa shell inali yotumidwa. Rm yeniyeni sifunsa root kanthu, ndipo ilibe bini yobwezeramo.

Mwina mukuti, ndiye tiyatse expand_aliases kuti rm azifunsa paliponse. Taganizani za mbali inayo. Muli ndi ntchito ya cron pa kompyuta ina, imene usiku uliwonse imatumiza rm kudzera pa ssh kukachotsa mabakapu akale. Tsopano rm akufunsa funso pakati pa usiku, palibe woyankha, ndipo akapanda kumva inde safufuta. Masabata apita, palibe chachotsedwa, disiki yadzaza, database yaima. Mbali zonse ziwiri phunziro lake ndi limodzi: chitetezo chimene chili mu alias n'chosadalirika, chifukwa chimakhalapo nthawi zina, nthawi zina ayi. Mukafuna kufunsidwa, lembani rm -i ndi dzanja lanu. Ndipo musanatumize rm ku seva yakutali, tumizani kaye ls ndi mawu omwewo, muone ndi maso zimene zichoke.

Za sudo ndi cron ndingodutsamo, popeza muzu wake ndi womwewu. Bash imamasulira liwu loyamba lokha la lamulo, ndiye mu sudo ll liwu loyamba ndi sudo, ndipo ll amapita momwemo kukafunidwa ngati pulogalamu. N'chimodzimodzi ndi ssh seva ll: ngakhale laputopu yanu itakhala ndi alias ameneyo, simumasulira, chifukwa liwu loyamba ndi ssh. Cron ndiye siyandikira n'komwe .bashrc. Imayendetsa malamulo ndi /bin/sh, imene pa Ubuntu kuyambira 2006 si Bash koma dash. Inu amene muli ndi Mac, shell yanu kuyambira 2019 ndi zsh, ndipo iyo ili ndi khalidwe lina: imamasulira alias ngakhale yatumidwa, malinga akhale mu .zshenv, osati mu .zshrc. Choncho musanatsatire malangizo alionse, dziwani kaye shell imene ikukuyankhani ku sevako.

Nanga tichite chiyani? Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena mosazengereza. Ngati mukungofuna kupeputsa zala, alias muikeni kumene kuli zalazo, pa laputopu yanu:

alias maloaseva='ssh seva df -h'

Shell ya pa laputopu ndi yocheza, imumasulira bwinobwino, ndipo chimene chikufika ku seva ndi df -h, dzina limene seva iliyonse ikulidziwa. Simunakhudze .bashrc ya kutali, simunasokoneze rsync ya wina. Nalo liwu lakuti seva limene ndakhala ndikulemba lija ndi dzina lalifupi, koma la mtundu wodalirika. Limakhala mu fayilo ya .ssh/config pa laputopu, pamene mumalemba Host seva, pansi pake HostName ndi adiresi yeniyeni, User ndi dzina lanu lolowera. Limeneli ssh, scp, rsync ndi git zonse zimalimva, chifukwa woliwerenga ndi ssh mwiniwake, osati shell. Inu amene mumagwira ntchito pa foni ndi Termux, pamene kiyibodi ndi yaing'ono ndipo chala chimaphonya, zimenezi zikupulumutsani kwambiri.

Koma ngati chinthucho ndi ntchito yeniyeni ya pa seva, monga bakapu, kuyambitsanso pulogalamu, kapena kuchotsa mafayilo akale, chisakhale alias. Buku la malangizo la Bash lenilenilo, limene Chet Ramey wa ku Case Western Reserve University wakhala akulisamalira pamodzi ndi pulogalamuyo kwa zaka zoposa 30, limanena kuti pafupifupi pa ntchito iliyonse function imaposa alias. N'zoona: function sidalira expand_aliases, ndipo imalandira mawu oonjezera pamalo pamene mukufuna. Komabe iyenera kukhala mu fayilo imene Bash iwerenge, ndiye mizere ya case ija ikukudikiranibe. N'chifukwa chake ine ndimati pitirirani pang'ono, mulembe script. Tsegulani fayilo /usr/local/bin/malo, mulembemo mizere iwiri:

#!/bin/sh
exec df -h "$@"

Kenako chmod 755 pa fayiloyo. Kuyambira pamenepo malo ndi pulogalamu ngati ina iliyonse. Iyenda mukalowa, iyenda mukatumiza ndi ssh, iyenda pa Bash, pa zsh ndi pa dash. Mu cron muzilemba njira yake yonse, /usr/local/bin/malo, chifukwa PATH ya cron ndi yaifupi. Ndasankha /usr/local/bin mwadala. Foda ya bin ya m'nyumba mwanu imaonjezedwa ku PATH ndi .profile, ndipo tanena kale kuti shell yotumidwa siwerenga .profile, choncho mukaika script kumeneko mudzakumananso ndi command not found.

Pali chifukwa china chimene ndimalimbikitsira script, ndipo n'chachikulu kuposa zonse zimene ndanenazi. M'masukulu ndi m'maofesi mwathu, wosamalira seva nthawi zambiri amakhala mmodzi. Akasamutsidwa kupita ku Rufunsa kapena ku Kafue, akapita kukaonjezera maphunziro, akadwala, wotsalayo amapatsidwa pasiwedi ndi mawu akuti bakapu mumangolemba bakapu. Alowa ndi akaunti yake, alemba, palibe chikuchitika, chifukwa nzeru yonse inali mu .bash_aliases ya munthu amene wachokayo. Mwina akauntiyo yafufutidwa kale. Seva imeneyo si yanu. Ndi ya ophunzira amene magiredi awo ali mmenemo, ndi ya odwala amene mbiri yawo ili mmenemo. Script ya mu /usr/local/bin aliyense akhoza kuitsegula, kuiwerenga ndi kuikonza. Mukhoza kulembamo mizere yofotokoza, m'Chinyanja chomwechi, kuti wobwera pambuyo panu adziwe chifukwa chimene munachitira chakutichakuti. Mukhoza kuisunga mu git, mukaika seva yatsopano n'kungoikopera.

Inu aphunzitsi a Computer Studies, mukafika pophunzitsa terminal, musalekere pa kuonetsa ana kuti alias ndi wokoma. Aonetseninso lamulo la type. Mwana akalemba type ll auzidwa kuti ameneyu ndi alias ndipo akuimira ls -alF. Akalemba type df auzidwa pamene pulogalamuyo ili. Azolowere kufunsa funso limeneli adakali aang'ono, kuti akadzakhala pa seva ya chipatala adziwe kusiyanitsa chimene chili pa makina ndi chimene chili mu akaunti yake yokha.

Pempho langa kwa nonse ndi ili. Mukabwerera ku ntchito, lowani mu seva iliyonse imene mumasamalira, mulembe liwu limodzi lakuti alias, muwerenge mndandanda umene utuluke. Amene amangokongoletsa mitundu kapena kufupikitsa ls, asiyeni. Amene amatenga bakapu, kufufuta, kapena kuyambitsanso pulogalamu, asandutseni script sabata ino, muyese iliyonse ndi ssh muli panja popanda -t, kenako muitane mnzanu wa mu ofesi ayese ndi akaunti yake inu mukuona.